Mapiritsi a Tiyamike ndi Tebulo la ku Spring Valley

Ana anga, Mphatso ndi Dalitso, mwakhala mukundiumiriza kuti ndilembe za ntchito yanga popeza tsopano ndapuma. Za ubwana wanga sindilemba, chifukwa munazimva kokwanira kwa amalume anu, amene amazikometsera kuposa mmene zinalili. Ndilemba za unamwino. M'chigawo chino ndifotokozanso chimene chinachititsa kuti ine mayi anu ndikhale miyezi ingapo ndikupatsidwa moni wa pamwamba pa phewa ndi amayi anzanga a ku Malawi muno mu Nairobi. Mwini nkhaniyi wandilola kuilemba, koma maina onse ndasintha, choncho musadzivute ndi kufufuza.

Zaka zoyamba, m'chigwa cha Shire

Nditamaliza maphunziro ku koleji ya anamwino, boma linanditumiza ku chipatala china m'chigwa cha Shire, kotentha moti sopo ankafewa yekha pawindo. Amatironi athu anali mayi wamfupi, wosaseka, amene ankayendera mawodi chala chimodzi chili patsogolo kufunafuna fumbi. Tsiku langa loyamba anandiyang'ana kuchokera kuchipewa kufika kunsapato, nati, "Sisitala, pano pali zinthu ziwiri zimene sizituluka pageti: sizasi ya boma ndi chinsinsi cha wodwala." Masizasi ankasowa ndithu mwezi ndi mwezi. Magolovesi akatha tinkachapa akale n'kuwayanika pachingwe ngati masokosi a ana asukulu. Koma za chinsinsi amayi aja sankachita nazo nthabwala, ndipo ine ndinazimeza zonse.

Kumeneko ndinaphunziranso mmene anthu a kwathu amaonera mankhwala. Wodwala akabayidwa jakisoni ankapita kwawo atakhutira, akutsimphina monyadira, koma akapatsidwa mapiritsi ankati tamunyoza. Kenako anabwera ma ARV. Ndinaona ndi maso anga anthu amene tinkawatembenuza pamphasa akudzuka, kunenepa, n'kubwerera kumunda. Chikhalirecho, anthu omwewo ankamatula mapepala pamabotolo ndi kubisa mapiritsi m'zitini za shuga. Kuyambira nthawi imeneyo, kwathu munthu wachinyamata akamamwa mapiritsi tsiku ndi tsiku pa nthawi yoikika, anthu safunsa kuti akudwala chiyani. Amakhala atamuyeza kale ndi maso.

Zaka zoyamba ku Nairobi

Bambo anu atapeza ntchito ku bungwe lina la mayiko ambiri, tinasamukira kuno n'kukhala ku South C, m'nyumba ija munkadandaula kuti ndege zimakudzutsani. Ndinalembanso mayeso kuti andilole kugwira ntchito m'dziko lino, ndipo ndinakhoza, ngakhale ndinali wamkulu kuposa amene ankatiyang'anira. Chiswahili ndinachiphunzira kwa mayi wogulitsa ndiwo zamasamba pakona, motero mpaka lero ndimatha kunenerera mtengo bwino kuposa kupepesa.

Ndinalembedwa ntchito pa chipatala china chosakhala cha boma, ku chigawo choona matenda a ubongo ndi mitsempha. Bwana wanga anali Dokotala Muthoni, mayi wamtali, woyenda ngati akuthamangira basi, amene ankasunga mtedza wokazinga m'thumba la khoti lake loyera. Chizolowezi chimenecho ndinachidzudzula kangapo konse, koma sanasiye. Iwo ankanditcha Sista Malawi.

Kumeneko ndi kumene ndinakumana ndi matenda amene madokotala amawatcha multiple sclerosis, ife pantchito tinkangoti MS. Ku koleji anatiuza kuti ndi matenda a azungu a kumayiko ozizira, ndipo tinawadumpha ngati tsamba lopanda mayeso. Koma pabenchi pathu pankakhala atsikana ndi anyamata akuda ngati inu nomwe. Matendawa amayamba pamene asilikali a m'thupi asokonezeka n'kuyamba kudya chikuto cha mitsempha ya mu ubongo ndi mumsana, monga momwe khoswe amatafunira pulasitiki wa waya wa magetsi. Diso limachita chifunga, mwendo umachita dzanzi, dzanja limaleka kumvera. Patapita milungu zimaleka, munthu n'kumati wachira, koma zimadzabweranso, ndipo kubwera kulikonse kungasiye chilema chake.

Poyamba tinkapereka majakisoni, amene odwala ankadzibaya okha kunyumba. Kenako anafika mapiritsi omwa kawiri pa tsiku, m'mawa ndi madzulo. Mapiritsiwa sachiza, ndipo munthu akamwa samva kusintha kulikonse. Ntchito yake ndi kuchepetsa kubwerabwera kwa matendawo, choncho akamagwira bwino ntchito, chimene chimaoneka n'chakuti palibe chikuchitika. Ali ndi khalidwe lake loipa: ukamwa m'mimba mopanda kanthu amapotokola m'mimba, kutsegula, ndi kutenthetsa nkhope. Pepala la m'bokosi limati nkhope imafiira, koma odwala athu ankangoti akumva ngati ayandikira mbaula. Ukadya kaye chakudya chamafuta pang'ono, monga peyala, dzira kapena chiponde, mavutowa amachepa kwambiri. Amafunanso kuti pakapita miyezi ingapo wodwala aziyezedwa magazi, kuona ngati asilikali a m'thupi sanatsike mopitirira.

Dokotala Muthoni ankakonda kunena, uku akutafuna mtedza wawo, "Sista Malawi, amene anayesa mankhwalawa kunja anawayesa pa anthu owakumbutsa, owaimbira foni, odya pa nthawi yake. Ife ntchito yathu ndi kuona ngati amagwira kwa munthu amene wakhala pa mzere wa magalimoto wa Thika Road kuyambira m'mawa asanaike kanthu m'kamwa." Zimene ndinaona pa zaka zanga n'zakuti ambiri amene ankamwa mosadumphitsa ankakhala nthawi yaitali osagwidwanso, ena mpaka ankaiwala njira ya kuchipatala. Analiponso ena amene mapiritsiwa sanawathandize ngakhale ankamwa mokhulupirika, ndipo amenewo tinkawasinthira mankhwala ena amphamvu.

Chaka cha mliri wa korona ndi chotsatira chake

Tiyamike anabwera ku chipatala chathu mliri usanayambe. Anali mtsikana wa ku Zomba, wophunzira zamalamulo pa yunivesite ina, ndipo ankakhala ku Roysambu m'kachipinda kamodzi ndi mnzake wa kwathu komweko. Diso lake lamanzere linali litachita chifunga. Nditawerenga dzina lake ndinangoti, "Wadzuka bwanji, mwanawe?" Iye anatembenuka n'kuyamba kulira ndi kuseka nthawi imodzi. Kuyambira tsiku limenelo ndinakhala Anti wake, ngakhale ndinamuuza kuti m'kati mwa chipatala ndine Sisitala Mbewe.

Anayamba mapiritsi ndipo zinthu zinayenda bwino. Ngakhale pamene ndege zinaima chifukwa cha mliri, mankhwala n'kuyamba kusowa, iye sanadumphitse. Nthawi imeneyo tinkagawira odwala pang'onopang'ono kuti pasapezeke wotsala, ndipo ine ndinkaimba mafoni m'mafamase onse a mumzinda muno mpaka khutu kutentha. Tiyamike ankabwera pa njinga yamoto, chotchinga kukamwa chili pamalo pake, n'kunena kuti, "Anti, ndabwera kudzatenga ndiwo zanga."

Chaka chotsatira anatomeredwa ndi Limbani, mnyamata waulemu, injiniya wa zamagetsi. Limbani analeredwa ndi azakhali ake, Mayi Nyirenda a ku Spring Valley, amene analinso wapampando wa gulu lathu la amayi a ku Malawi, lija ndinali mlembi wake. Tonse tinakondwera. Koma patangopita miyezi yochepa Tiyamike anabwera dzanja lamanja lili lende, cholembera chikumugwa, mayeso ake omaliza ali pafupi. Anali ataonda. Makina ojambula ubongo anaonetsa banga latsopano.

"Mapiritsi amukana," anatero Dokotala Muthoni. "Timuike pa mankhwala a diripi. Ndi amphamvu, koma ali ndi zoopsa zake, ndipo sindikonda kufika kumeneko msanga kwa mwana wamng'ono chonchi."

Ndinawapempha kuti andilole ndilankhule naye kaye m'chinenero chathu. Ndinatseka chitseko.

"Dzulo madzulo unamwa?"

"Ndinamwa, Anti."

"Unadyera chiyani?"

Anayang'ana pansi. "Madzi."

"Madzi si chakudya. Unamwera kuti?"

"Kubafa."

"Nanga Loweruka ndi Lamlungu, ukakhala kwa Mayi Nyirenda?"

Anapukusa mutu. Pang'onopang'ono nkhani yonse inatuluka. Mnzake wa m'chipinda anaona zinthu zitatu: alamu ya foni yolira m'mawa ndi madzulo, botolo la mapiritsi losatha, ndi ulendo wa kuchipatala wokayezetsa asilikali a m'thupi. Kwa Mmalawi aliyense zinthu zitatu zimenezi zili ndi yankho limodzi. Mnzakeyo anauza mnzake mwachinsinsi, uyonso anauza wina mwachinsinsi, mpaka chinsinsicho chinakwera minibasi zija kuno amati matatu kukafika ku Spring Valley. Tiyamike atazindikira, anazimitsa alamu, anayamba kumwera kubafa m'mimba mopanda kanthu, ndipo akakhala kwa apongozi ake sankamwa n'komwe. M'mimba munayamba kutsegula, iye n'kuonda, anthu n'kumati, "Mwaonatu?"

"Bwanji osangowauza zoona?" ndinamufunsa.

"Anti, zoona zake ndi zoopsa kuposa bodzalo. Wa ma ARV anthu amamudziwa, amakwatiwa, amabereka, amakalamba. Koma ndikanena kuti matenda anga ali mu ubongo, ati ndine wamisala, kapena ati Limbani akukwatira munthu wodzamukankha pa njinga. Ngakhale Limbani amene sindinamuuze. Chonde musauze munthu."

Ndinamulonjeza. Koma ndinamuuzanso mosapita m'mbali kuti mapiritsi sanamukane, iye ndiye anawakana, ndipo kuti dzanja la munthu silidikira kuti apongozi asangalale. Dokotala Muthoni atamva anavomera kudikira kaye ndi diripi ija, pokhapokha ngati mtsikanayo ayambiranso kumwa moyenera. "Akagwidwanso, sindimvanso za ku Malawi," anatero.

Miyezi ya moni wa pamwamba pa phewa

Lamlungu lotsatira, titatuluka m'tchalitchi, Mayi Nyirenda anandikokera pambali pa galimoto yawo. Anali mayi wa mtima wabwino koma wozolowera kumveredwa, wovala chilundu chosita bwino ndi magalasi a unyolo.

"Mayi Mbewe, ife ndi inu ndife akuluakulu. Mtsikana uja amabwera ku chipatala chanu, anthu amuona. Limbani ndinamulera ine chimwalirire mayi ake. Ndingofuna liwu limodzi. Ndi aja kapena si aja?"

Ana anga, pa ntchito yanga yonse sindinayesedwepo ngati tsiku limenelo. Liwu limodzi lakuti ayi likanazimitsa mphekesera yonse, ndipo likanakhala loona. Ukwati wa mwanayo ukanapulumuka pomwepo. Koma liwulo silinali langa. Ndikanati ayi, funso lotsatira likanakhala lakuti nanga n'chiyani. Komanso ndikanayankha ayi lero, tsiku lina ndikadzakhala chete pa za mwana wina, aliyense akanadziwa tanthauzo la chete wangayo.

"Mayi Nyirenda," ndinatero, "za amene amabwera kapena sabwera ku chipatala sindikamba ndi munthu. Ngakhale mukanakhala inu, amuna anu sindikanawauza."

Anavula magalasi aja. "Basi, mwandiyankha."

"Sindinakuyankheni."

"Mwandiyankha, mayi. Zikomo."

Mlungu womwewo ankhoswe anaimitsa zokonzekera chinkhoswe. Kugulu kunamveka kuti mlembi akubisa matenda kuti mwana wa wapampando agwe m'dzenje, ndipo ulembi unapatsidwa kwa wina, akuti pofuna kundipumuza. Bambo anu anandifunsa ngati sindingathe kungotsokomola mwanjira yoti amayiwo amve. Ndinawauza kuti ku koleji sanatiphunzitse chifuwa chotero. Ndinapitiriza kupita ku misonkhano, kukhala pampando wanga, ndi kubweretsa zitumbuwa zanga, zimene ankadya ndithu ngakhale sankandilankhula.

Tiyamike atamva zimene zinandichitikira anabwera akupepesa. Ndinamuuza kuti za ine azisiye, koma aganize ngati akufuna kukhala moyo wake wonse akumwera mankhwala kubafa kwa mwamuna wake. Patapita masiku anabweranso, Limbani ali pambuyo pake. Mnyamatayo anamvetsera nkhani ya khoswe ndi waya mwachidwi, n'kufunsa mafunso ambiri: za ana, za njinga ya olumala, za zaka zam'tsogolo. Dokotala Muthoni anamuyankha mosabisa kuti palibe angalonjeze za mawa, kuti ambiri amakhala zaka zambiri akuyenda ndi kugwira ntchito, ndiponso kuti akadzafuna mwana abwere kaye tikambirane za mankhwala.

"Ndiye vuto ndi chikuto, waya ali bwinobwino?" anafunsa Limbani.

"Tingatero, ngati tisamala msanga."

Anatembenukira kwa Tiyamike. "Iwe, miyezi yonseyi umalowa kubafa ndi kachikwama, ine n'kumati ukukadzola zodzoladzola. N'kumadabwa kuti ukutuluka nkhope ili yomweyo."

"Ukutanthauza chiyani pamenepo?" anatero Tiyamike, ndipo ndinaona kuti ayamba kuseka.

Madzulo a ku Spring Valley

Ankhoswe anaitanitsa mkumano kunyumba kwa a Nyirenda, Loweruka lina madzulo, kuti nkhaniyo ithe, kaya kumanga kaya kumasula. Tiyamike analibe wachibale mu Nairobi, choncho anandipempha kuti ndikakhale ngati mayi ake. Ndinavala suti yanga yabuluu ija mumati ndi ya kukhoti. Panali Bambo ndi Mayi Nyirenda, ankhoswe awiri, ndi amayi angapo a kugulu, pakati pawo Mayi Sakala, mphunzitsi wopuma, amene ankatsogolera nyimbo pa misonkhano yathu. Mwambo wathu mukuudziwa: nkhani yovuta siyamba anthu asanadye. Tinakhala patebulo, mpunga wochokera kumudzi ukununkhira, aliyense akufunsa mnzake za mvula ya ku Malawi ngati kuti ndiyo tinabwerera.

Tili m'kati modya, foni ya Tiyamike inalira. Inali alamu ija. Masupuni onse anaima. Mtsikanayo sanadzuke. Anatsegula kachikwama kake, natulutsa botolo, naliika patebulo pakati pa mbale ya nkhuku ndi jagi ya madzi, pepala lake likuyang'ana kwa Mayi Nyirenda.

"Amayi, mundipatsireko peyala ilo. Mankhwala angawa safuna m'mimba mouma."

Anafotokoza yekha, mwachidule, monga wophunzira zamalamulo: dzina la matenda, chimene amachita, chimene mapiritsi amaletsa, ndi chifukwa chake anaonda. Anamaliza n'kuti, "Sindinachire ndipo sindichira. Ndikamamwa bwino, mwayi ulipo woti ndikhala nthawi yaitali osagwidwanso. Ndikamabisa, ndipuwala. Ndasiya kubisa."

Mmodzi wa ankhoswe anapumira m'mwamba nati, "Ambuye alemekezeke, si aja!"

"Akanakhala aja, bwanji?" Anali Mayi Sakala. Anapisa m'chikwama chawo, natulutsa botolo loyera, naliika pafupi ndi la Tiyamike. "Aja mukunenawo ndi awa. Ndakhala ndikumwa kuyambira mwana wanga womaliza ali ku pulayimale, lero ali pantchito. Nyimbo zanga mumavina, mandasi anga mumadya. Mwanayu mwamuondetsa ndi pakamwa panu."

Nkhoswe uja anayamba kufufuza china chake m'mbale mwake. Ndiye Bambo Nyirenda, munthu wosalankhulalankhula, anakhosomola, napisa m'thumba la malaya. "Poti lero ndi tsiku lotulutsa katundu," anatero, "awa ndi a BP. Awa ndi a shuga. Akazi anga amati ndizimwera kuchipinda kuti alendo asaone kuti ndakalamba."

Wina anaphulika kuseka, ndipo tebulo lonse linatsatira. Amayi awiri anatulutsanso awo. Posakhalitsa pakati pa tebulo panali ngati pa famase. Mayi Nyirenda okha sanaseke. Anavala magalasi, natenga botolo la Tiyamike, nawerenga pepala lake lonse kufikira timalemba ta m'munsi. Kenako anandiyang'ana.

"Mayi Mbewe, zonsezi mumazidziwa, n'kundisiya ndizichita manyazi chonchi?"

"Ndinakuuzani kuti sindinakuyankheni."

"Ndinu ouma mtima."

"Ndine namwino."

Mayi Nyirenda anatenga mpeni, nadula peyala lija, nachotsa nthanga, nalipereka kwa Tiyamike m'manja. "Theka lokha likwana, kapena lonse?"

Chaka chimene ndinapuma

Tiyamike sanafike pa diripi. Dzanja linabwerera, ngakhale zala ziwiri zimachitabe dzanzi kukatentha. Analemba mayeso ake mochedwerapo, nakhoza. Kufikira tsiku limene ndinatsanzika pa chipatala, makina aja sanaonetse banga lina. Sindikunena kuti sadzagwidwanso, pakuti namwino salonjeza zotero. Dokotala Muthoni atandifunsa chimene tinasintha, popeza mankhwala anali omwewo, ndinawauza kuti tinapeza munthu woyang'anira wodwala amene ngakhale a kafukufuku a kunja sangamupeze.

Munthuyo munamuona nokha pa ukwati uja wa Tiyamike ndi Limbani, ngakhale simunadziwe chimene chinkachitika. Dalitso, iwe unandifunsa chifukwa chake nyimbo zinaima mwadzidzidzi perekaniperekani ali pakati, ndipo ndinakuuza kuti ukhale bwino pampando. Anali Mayi Nyirenda. Anadutsa pakati pa ovina atanyamula kambale ndi tambula ya madzi, namulanda mnyamata woulutsa mawu chimkuzamawu chake, nalengeza holo yonse ikumva:

"Tadikirani kaye, a DJ. Mpongozi wanga adye peyala, amwe mankhwala. Amene ali ndi ake m'chikwama, madzi awa."